Pomanga Nyumba ya Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba anatuluka ku kadeya, kundende, nyengo yotentha itayamba. Anakhalako zaka zinayi chifukwa choolotsa pamalire njinga yamoto yobedwa. Anafika kwathu ku Mongue ndi jumbo limodzi, akutsokomola.

Kwathu kuno mwamuna amamanga kwa mkazi. Nyumba yake ya malata inali kuchikamwini, ndipo munali mutalowa kale mwamuna wina. Kwanga sakanagona, poti mwana wamwamuna wandevu sagona denga limodzi ndi amake. Akumpingo ku Milange ali ndi kachipinda kuseri kwa tchalitchi kofikiramo otuluka kundende. Anamupatsa mphasa ndi bulangete, namuuza kuti akhalamo miyezi itatu yokha.

Ndinapita kwa achimwene anga, eni mbumba, kukapempha malo pafupi ndi mtengo wa mango. Ndinawapeza akupopa njinga.

“Achimwene, mwana uja akufuna pomanga.”

“Achemwali, mukufuna tizigona ndi mbuzi m'nyumba? Ayambe waonetsa kuti anasintha.”

“Aonetsa akukhala pati?”

Iwo anangopitiriza kupopa.

Ndinayamba kuumba njerwa kudimba kwanga, poganiza kuti akaziona mtima ufewa. Loweruka lililonse mwanayo ankabwera kudzaponda dothi, akumapumira kawirikawiri. Ankandiseka. “Amayi, njerwa zanuzi zapindika ngati chinangwa. Nyumbayi tizilowa chopendekeka.” Zinakwana za chipinda chimodzi. Ndinabwerera kwa achimwene kawiri, yankho linali lomwe lija. Kudimbako sitikanamanga, madzi amadzaza chaka chilichonse.

Miyezi itatu itatha, kachipinda kaja kanafunika kwa wina. Mwana wanga anadzagona m'khitchini mwanga, momwe mbali imodzi mulibe khoma. Ndinatchingapo masaka. Mvula itayamba, njerwa zinasungunuka chifukwa zinali zosaotcha. Mankhwala akuchipatala ankamwa, koma chifuwa chinakula. Anamwalira chimanga chisanamasule.

M'mawa womwewo achimwene anabwera ndi khasu paphewa. Anatsogolera adzukulu kumanda, nawalozera malo abwino pafupi ndi mayi athu. Palibe anafunsa ngati anasintha.

Patapita sabata ziwiri, mayi wina wakumpingo anabwera kudzandipepesa. Potsanzika anafunsa mwamanyazi za bulangete lija, akuti kwatuluka wina amene alibe chofunda. Ndinalichapa, ndinaliyanika pa mulu wa dothi uja kudimba, ndipo litauma ndinakapereka.