Chipinda cha thangata chimene ndinalowetsamo mlongo wanga

Chipinda chimene kapitawo wa kumunda wa tiyi anapatsa mlongo wanga chinkadontha ngati dengu. Ndipo womulowetsamo ndinali ine.

Mlongo wangayo Mariya ndi mwamuna wake, alamu anga a Khumbanyiwa, anawoloka mtsinje wa Muloza pothawa Apwitikizi, khanda lili kumsana. Ankangodziwa Chilomwe. Ine ndinabwera kale, ndinkakhala pamalo a mfumu, tsono ndinawaperekeza kukawamasulira. Kapitawo anatisonyeza mdadada wa zipinda zaudzu kumapeto kwa munda. Anati ndalama safuna, zipindazo n'za thangata.

Alamu anandifunsa tanthauzo lake. Ndinawauza momwe ndinkamvera kumudzi, kuti thangata ndi kuthandizana, lero ulimira mnzako, mawa akulimira. Anasangalala, nati anthu a kuno ndi abwino. Sindinafunsenso kapitawoyo. Ndinkafuna ndioneke wodziwa.

Mvula itayamba, alamu ankadzutsidwa m'mamawa kukapalira tiyi, kubwerako dzuwa litalowa. Denga nalo linayamba zake. Atapempha tsiku lofolera, kapitawo anati udzu wa pamalopo ndi wa mzungu mwini munda, kumweta n'kuba. Mphasa inkanyowa. Khanda linayamba kutsokomola.

Ndinapita ndekha. Kapitawo anati ndikaonane ndi kalaliki. Kalaliki, ali phee pakhonde louma, anati zamadenga si zake. Popeza ankati thangata ndi ntchito ya mwezi umodzi, ndinafunsa kuti mweziwo utha liti. Anati masiku amene mvula yadukiza ntchito sawerengedwa. Nanga mvulayo amagwetsa ndi alamu anga? Ndinapempha kuonana ndi mzungu. Akuti akupuma.

"Kodi thangata si kuthandizana?" ndinafunsa.

"Thangata ndi ameneyu," anatero kalaliki. "Ngati sakufuna, awolokenso."

Awolokere kuti? Kwa amene anawathawa?

Ndinaganiza zowatengera kwathu, koma kapitawo anati wochoka mwezi usanathe ndi wothawa. Ndinaopa. Ndinauza Mariya kuti apirire pang'ono, mvula idula.

Khanda silinadikire. Tinaliika mvula ikugwabe, ndipo alamu anauzidwa kuti tsiku la maliro nalonso silowerengedwa.

Mariya sanandinenepo kanthu. Ndikapita amandigwadirabe, kundipatsa madzi osamba m'manja, kunditchula achimwene. Bola akanandilalatira.

Tsono inu a kapitawo, inu a kalaliki, ndiyankheni: mitolo ya udzu yofolera chipinda chimodzi ikanamusaukitsa mzungu wanu? Ndipo inu amene mukuwoloka, akakusonyezani mdadada, yambani mwayang'ana kudenga, mufunse amene akugonamo kale. Musakhulupirire wokumasulirani, ngakhale akhale wobadwa naye bere limodzi.