Tidzakupezani kuti, agogo?

Anthu a kafukufuku wa okalamba anayamba kubwera kwathu kuno ku Ludzi ine ndili ndi mwana mmodzi. Pano mwanayo ali pabanja. Amabwera, kenako zii zaka zingapo, mwaiwala, basi mungoona galimoto yaima pamjigo. Poyamba anthu ankati ndi anamapopa, ena mpaka kuthawira kudimba. Amayi anga ndiwo anati, "Magazi ake ati? A ine nkhalamba? Abwere."

Pakhomo pathu ankafuna anthu awiri okha, amayi ndi ababa. Kuwayeza kuthamanga kwa magazi, kuwakweza pasikelo, kuwayendetsa pabwalo. Panalinso kachitsulo kofinya ndi dzanja, koonera mphamvu. Ababa ankakafinya mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, kenako n'kufunsa, "Nanga awa apeza bwanji?" Amayi amvekere, "Finyani zanu inu, mukupikisana ndi ndani?" Akawafunsa ngati anapuma pantchito, ababa ankaseka. "Khasu lili ndi penshoni kodi?"

Tsono amayi anatisiya chimanga chili chachiwisi m'munda. Apa ndifotokoze bwino. Ababa ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Kapondo, kuno anadzera banja. Chigafa cha fodya anamanga okha, mango anadzala okha, koma dothi lake ndi la kuchikazi. Titameta, atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anawasudzula monga mwa mwambo. Sanawathamangitse ayi, ndisaname. Anangoti, "Alamu, mwamasuka. Mukafuna kupita kwanu, njira ndi yoyera." Ababa anati, "Zikomo, ndikakolola ndipita."

Ine ndinkati akufunadi kwawo. Munthu wamkulu wanena yekha, iwe mwana ungatsutse? Komatu ku Kapondoko kunatsala ndani? Abale awo onse anatha. Kuli adzukulu oti ngakhale nkhope sawadziwa bwino. Akadwala adzawaphikira phala ndani? Ndinkaziganiza ndikukumba mtedza, koma ndikafika pakhomo pakamwa pankalemera. Iwonso anayamba kugawa zinthu pang'onopang'ono, nkhwangwa kwa amuna anga, wailesi kwa mdzukulu.

Tsiku lina tikutonola chimanga, a kafukufuku aja anafika. Anali mtsikana waulemu wake, anagwada popereka moni. Anafunsa za amayi. Titamuuza anapepesa. Paja iwo amafunsa munthu ali yekha, koma ababa makutu anali atayamba kuvuta, ndiye ababawo anati, "Uyu akhale pompa, azindikuwira."

Basi ine kumabwereza mafunso mokweza. Mumagona bwino? Nanga mawondo? Ndowa yamadzi mumainyamula? Atawapatsa kachitsulo kaja anangokagwira, osalimbikira n'komwe. Kumapeto mtsikanayo anati, "Agogo, paja ife timabweranso. Ulendo winawo tidzakupezani kuti?"

Ine n'kukuwa, "Akuti adzakupezani kuti!"

Anamva. Ndikudziwa kuti anamva. Anayang'ana kumanda kumene kuli amayi, poti mitengo yake imaoneka munthu uli pakhonde. Kenako anati, "Mayi, limenelo musafunse ine. Ine pano ndine mlendo. Funsani eni ake." N'kundiloza ine ndi mlomo.

Mlendo! Munthu amene anandikweza panjinga ndili ndi chikuku, kuthamanga nane kuchipatala cha mishoni. Ndiye eni akewo ndi ine? Sindinaganizepo zimenezo. Koma kunena zoona, amayi atapita mwana wamkazi wamkulu ndine, munda uja ndi wanga, pakhomo ndi panga. Kani ababa ankadikira kuti ine ndinene, ine ndikudikira kuti iwo anene. Ha! Akanapita ndithu, tonse tikulemekezana.

Ndinamuuza mtsikanayo, "Mudzawapeza pompano. Nyumba yomweyi."

Ababa anapendeketsa mutu. "Wati chiyani?"

Ndinakuwa mpaka nkhuku kubalalika pachimanga paja. "Ndati simupita kulikonse, ababa! Mukhala konkuno!"

"Nanga atsibweni ako?"

"Amenewo ndikalankhula nawo ine."

Ababa anayamba kusisita bondo. Maso ali pansi. Kenako anati, "Ukukuwiranji chonchi? Mudzi wonse wamva."

"Umve kumene," ndinatero.

Mtsikana uja anaseka, kwinaku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Madzulo omwewo ndinapita kwa atsibweni, mawu nditawakonzeratu m'njira monse. Sindinamalize n'komwe. Anati, "Iwe, wachedwa kuti? Ife tinangotsata mwambo. Wokana kuti asapite ndi mwana. Nanga ine ndikawagwire mwendo alamu anga?"

M'mawa mwake ndinadzuka ababa palibe. Ndinadzidzimuka, ndisabise. Dzuwa litakwera ndinawaona akuchokera kudambo, chikwakwa m'manja, kamtolo ka udzu pamutu, akuyenda mwapang'onopang'ono. Anakatula pafupi ndi nyumba yawo, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Denga ili silifika dzinja," anatero. "Uwauze amuna ako apeze luzi."