Tsitsi la a Lenia

A Lenia a ku Chezi anali mayi wouma mutu, ndinene poyera. Amuna awo, a Isake, anapita kunkhondo ya ku Bama mu 1943 osabwerako. Kalata ya boma yonena kuti anamwalira itafika anthu analira, koma pa tsiku la m'meto a Lenia anakana lumo. "Manda awo mwawaona?" Nkhani inathera pomwepo. Abusa analephera, alongo awo analephera. Zaka makumi atatu anakhala akudikira, akulima fodya okha. Basi ikaima pamsewu, ankaimika khasu n'kumayang'ana otsika.

Ine Monika, mphunzitsi, ndinkayandikana nawo nyumba. Mu 1974 ndinapeza buku lachingerezi, nkhani yopeka ya asilikali a m'nkhalango za nkhondo yomweyo. Ndinalikuta ndi nyuzipepala, poti masiku amenewo buku lachilendo linkaitana mafunso. Linandiliza ngati mwana. A Lenia atandiona maso ali psuu anafunsa, "Aphunzitsi, kwagwanji?" Nditawauza, analamula kuti ndiziwawerengera m'Chichewa.

Ndiye masana alionse ndikaweruka tinkakhala m'chigafa, iwo akusoka fodya, ine ndikumasulira. Anamukonda msilikali wa m'bukumo, mnyamata wokonda kuimba. Akachita zopusa ankamukalipira, "Iwe, vala nsapato, ulumidwa!"

Koma ine ndinkadziwa kuti mnyamatayo afa. Titafika pamenepo mantha anandigwira, ndinatembenuza masamba atatu pamodzi.

"Bwererani," anatero a Lenia osadzutsa mutu. "Kusukulu sindinapiteko, koma masamba ophatikizana ndimawamva. Ndi ntchito yanga imeneyo."

Manyazi ake! Ndinabwerera. Ndinawerenga mmene malungo anamutengera mvula ikugwa, mmene anzake anayi anakumbira dzenje ndi mipeni ya kumfuti ndi mbale zodyera, n'kumukulunga m'bulangete, wina n'kuyambitsa nyimbo. 

A Lenia anasiya kusoka fodya.

"Sanamusiye pamtunda?"

"Ayi, amayi. Anamuika."

"Ndi nyimbo?"

"Ndi nyimbo."

"Wolembayo analiko?"

"Nkhaniyi ndi yopeka, amayi. Koma kunkhondoko akuti analiko."

"Ndiye anaona mmene ankachitira."

Analira. Kalanga ine, maliro ndapitako ambiri, koma kulira kotere sindinakumvepo. Ndinawagwira paphewa tikulira tonse, fodya ali mbwee pansi.

Loweruka m'mawa ndinamva odi pakhomo. Anali a Lenia, m'manja muli lumo latsopano ndi kachidutswa ka sopo. Anakhala pamphasa n'kuvula duku. Mutu wonse unali imvi zokhazokha, ndipo mtima unandiwawa.

"Oyenera kundimeta onse anatha kufa," anatero. "Metani inu, aphunzitsi. A Isake anaikidwa."