Chipepeso cha Pafoni

Bester ndi mlongo wanga, wopondana nane, ndipo ndinamubereka kumsana ine ndemwe, choncho ndikamanena za iye sindikunena zakumva. Anthu a ku Nathenje amamudziwa ngati munthu amene ndalama zimamupeza ali m'nyumba. Ife a kumudzi, kuseri kwa Mitundu, tinkamudziwa mwa mtundu wina: munthu wosaoneka pamaliro. Chimene chinkandisowetsa mtendere zaka zonsezo chinali chimodzi basi. Amayi athu, aNangondo, anali akukalamba, ndipo ndinkadzifunsa kuti tsiku limene adzatisiye, manda awo adzakumba ndani.

Sukulu anamaliza, Folomu 4, koma ntchito ya mu ofesi sinamupeze. Anakalowa pa esiteti ina ya fodya, anakhalako nyengo imodzi n'kubwerako atawonda ngati bango. Kenako anapeza malo pa kashopu kena pa Mitundu kothira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu. Matenda ake a intaneti anayambira pamenepo. Mwini shopu akangopita kukadya, iye ankatsala akukanda kompyuta, kufufuza izi ndi izo, mpaka bandulo ya abwana ake kutheratu.

Nzeru yake yoyamba inali yaing'ono moti tonse tinaiseka. Tsiku la msika ankazungulira Mitundu yense akufunsa mitengo ya soya, mtedza, nyemba ndi mbuzi, n'kumaika pa gulu la WhatsApp limene anatsegula. Ogula a m'tauni, amene kale ankawononga mafuta kubwera kudzangoona, anayamba kumupatsa kangachepe pamwezi kuti asawachotse pagulupo. Alimi nawonso ankamutumizira zithunzi za nkhumba zawo, iye n'kuwapezera ogula, n'kudyapo pang'ono. Amuna anga, a Masautso, anati, "Alamu angawa akugulitsa mphepo." Mphepo imeneyo inamugulira njinga yamoto chaka chisanathe.

Atakwatira Felesiya anapita chikamwini ku Nathenje, pafupi ndi msewu waukulu, kumene kuli magetsi ndi netiweki yosadukaduka. Kumeneko anasiya kuyenda m'misika. Anagwirizana ndi amayi angapo ogulitsa pamsika kuti azimutumizira mitengo, iye ali pampando. Felesiya ndi katswiri pa nkhuku, ndiye Bester anayamba kumujambula mavidiyo: kapangidwe ka chakudya kuchokera ku madeya ndi soya, katemera wa chitopa, mmene ungadziwire thadzi limene lasiya kuikira. Anawonjezera za feteleza wosakaniza ndi phulusa ndi ndowe. Zina ankaika poyera kuti anthu alawe, zina ankagulitsa. Munthu amalipira pafoni, phunziro limadzitumiza lokha, kaya ali ku Mzimba, kaya ku Nsanje, kaya ku Joni.

Tsiku lina anandifotokozera, maso ali gwa pa laputopu. "Achemwali, munda umafuna mwini wake tsiku ndi tsiku. Izi ayi. Ndimajambula kamodzi, zimagulitsidwa chaka ndi chaka. Ndikagona zikugwira ntchito, ndikadwala zikugwira ntchito. Ine ndikufuna chilichonse chiziyenda popanda ine."

Ndinene chilungamo, Bester si woumira. Nyumba ya amayi anaifolera malata, mwana wanga Tawina anamulipirira sukulu mpaka kumaliza, mowa sanaulawepo. Anthu atayamba kunong'ona kuti anakhwima, poti samamuona atagwira khasu, ine ndinakangana nawo pamjigo mpaka mawu kundithera. Koma chondiseketsa chinali chakuti zinthu zoyenda zokhazo zinkamumanga pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Uyu phunziro silinamufike, uyu akufunsa za anapiye ake, uku ajambule china chatsopano anzake asanamulande msika. Munthu wa ufulu ameneyo ankadyera nsima pa laputopu.

Maliro oyamba amene anaphonya kumudzi kwathu anali ndi chifukwa chomveka. Anatumiza chipepeso pafoni yanga, ine ndinakatapa kwa ejenti n'kukapereka. Chinali chochuluka kuposa cha wina aliyense, ndipo atachilengeza anthu anagwedeza mitu. Iye anaona kuti njira yapezeka. Achiwiri anatero, achitatu chimodzimodzi. Uthenga ukangomufika, mphindi zochepa foni yanga yalira. Malume athu atamwalira Bester anabwera ndithu, koma anafika mwambo uli mkati, ndipo njinga yake inalira anthu asanasambe m'manja. Kuyambira pamenepo mwini mbumba anali iyeyo, poti mwamuna wina pamtundu pathu panalibe.

Ndinakwera kabaza kupita ku Nathenje kukamuuza pamaso, chifukwa pafoni ankangoyankha kuti wamva.

"Iwe Bester, adzukulu akukuona. Anthu aja amakumba manda a aliyense osalandira kanthu, dzuwa, mvula, ali momwemo. Iwe nkhope yako sakuidziwa."

"Koma achemwali, ndimapereka. Kodi ndikabwera kudzakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, namfedwa apindula chiyani? Ndalama ija imagula ufa, imagula nkhuni."

"Amaudya ufawo, inde. Koma akukusungira."

Anaseka, kuseka kwa munthu amene akumvera chisoni mnzake wotsalira. Felesiya anandiperekeza mpaka kumsewu n'kundiuza chapansipansi kuti nakonso kwawo anthu atopa naye, iye wayankhula mpaka kusiya. Ndinabwerera mtima ukundiwawa, nkhuku imene anandipatsa ili m'khwapa.

Amayi anadwala nthawi yaitali, miyendo kutupa, befu akangoyenda pang'ono. Tinalowa ndi kutuluka m'chipatala kangapo. Bester analipira zonse, galimoto, mankhwala, chakudya cha ife odikirira, ndipo Lamlungu lina ndi lina ankabwera kudzawaona. Anatisiya mu Okutobala, masana, kunja kukutentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa.

Pa zokonzekera palibe amene akanamunena. Tsiku lomwelo bokosi linafika labwino, matumba a ufa, mbuzi, simenti, tenti yoti alendo akhalemo. Anthu anabwera ambiri, chifukwa amayi anali munthu wa anthu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinkangodziopseza ndekha.

M'mawa mwake adzukulu anapita kumanda monga mwa nthawi zonse, makasu ndi mapiki pamapewa, ndipo anatuma mawu kuti mwana wamwamuna wa malemu abwere adzaone malo. Ine ndi amayi ena tinasenza madzi akumwa mpaka m'mphepete mwa mitengo, poti akazi sitilowa akamakumba. Ndinatula ndowa, koma sindinachoke, chifukwa ndinaona chinthu chachilendo. Malo anali atayeza kale ndi bango, atalemba pansi bwinobwino, koma amuna onse anali atakhala pansi.

Mkulu wa adzukulu kwathu ndi a Isake, okonza njinga, munthu wanthabwala amene sindinamumvepo akukweza mawu. Anatenga piki n'kumupatsa Bester ndi manja awiri, mwaulemu ndithu.

"A Bester, pepani ndi zovutazi. Malo ndi awa. Yambani."

Bester anaganiza kuti ndi mwambo chabe, woti mwana atemepo kamodzi. Anatema kamodzi n'kubweza piki. Palibe anailandira.

"Pitirizani," anatero a Isake. "Ife takumba manda ambiri muno, inu sitinakuoneni. Lero tikufuna tione nafenso mmene zimakhalira kukhala pansi."

Apa ndi pamene mlongo wanga analakwitsa kwambiri. Akanagwada pomwepo n'kupepesa, mwina zikanathera pa nkhuku imodzi. Koma iye anapisa m'thumba n'kutulutsa foni. Anati akumvetsa, ndipo ali wokonzeka kuwapatsa aliyense kangachepe ka sopo, kapena ngati atopa, aimbire anyamata aganyu pa Mitundu abwere pa njinga adzakumbe msanga.

A Isake anamuyang'ana m'maso.

"Kuno sitikumba ganyu, bambo. Aganyu anuwo akangoponda muno, ife tinyamula makasu athu. Bokosi mukanyamula ndi iwowo, kukwirira mukwirira ndi iwowo, ndipo m'mudzi muno mudzakhala ndi iwowo."

Amayi anali m'nyumba kuyambira dzulo lake, kutentha kumeneko, ndipo aliyense amadziwa kuti mu Okutobala maliro sachedwetsa.

Bester anavula shati, anaika foni m'thumba la shatiyo n'kuikoleka pa nthambi. Anayamba kukumba. Dothi la kumanda kwathu ndi katondo, nthawi imeneyo limauma ngati njerwa yootcha, ndiye muli mizu paliponse. Piki inkangodumpha. Manja amene anazolowera kukanda laputopu sanachedwe kutuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Foni pa nthambi paja inkangolira, uthenga pa uthenga, anthu akulipira maphunziro a nkhuku. Wina mwa adzukulu anati, "Bwana, zikulowatu uko." Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali.

Ndinabwerera kunyumba chifukwa ankandifuna, koma sindinakhazikike. Amayi a chigwirizano anali ataimba nyimbo zawo zonse n'kuyambiranso. Akulu a mpingo ankangoyang'ana dzuwa. Abale ochokera kutali ankandikoka chitenje kufunsa kuti kumanda kwatani, ine n'kumati dothi lauma. Ndinalowa m'nyumba momwe munali amayi, ndinaona mayi wina akufukiza masamba pakhomo mwakachetechete, ndipo ndinadziwa chifukwa chake. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi. Ndinakwiyira Bester, ndinakwiyira a Isake, ndinakwiyiranso amuna anga amene anali nawo pagulu lokhala pansilo. Mlandu ndi wa mwana, nanga wolangidwa akhale mayi anga?

Nditabwerera ndi madzi ena, dzuwa lili pamutu, dzenje linali litangofika m'maondo. Bester anali atang'amba vesiti n'kukulunga m'manja, nsaluyo itafiira. Sanapemphenso kanthu, sanayang'anenso munthu. Ankatema, n'kugwada kukokolola dothi ndi khasu, n'kudzukanso. Ndinaitana a Masautso ndi dzina la mwana wathu, mokweza, ulemu nditauiwala. Anangoweramitsa mutu. Iwo ndi mkamwini m'mudzi muno, sakanadzuka a Isake asanadzuke.

Kenako Bester anatema muzu waukulu, piki inakanirira, ndipo poikoka anagwa chagada m'dzenjemo. Anakhala pansi kanthawi akupuma. Atagwiranso mpini kuti adzuke, a Isake anaimirira n'kudzikuntha fumbi.

"Tulukani, a Bester. Izi sitikuchitira inu ayi. ANangondo sanaphonyepo maliro a munthu m'mudzi muno, sangagonenso panja chifukwa cha mwana wawo."

Amuna aja analowa mosinthanasinthana, dothi linauluka, ndipo ntchito imene inamukanika theka la tsiku inatha ife tisanamalize kupakula. Komabe tinaika amayi dzuwa litapendeka kwambiri. Ulaliki anaudula, ndipo abale ambiri akutali anali atanyamuka kale kuthamangira maminibasi omaliza pa Mitundu. Mng'ono wawo wa amayi, amene anachokera ku Nkhoma, sanaone bokosi likutsika.

Bizinesi ya Bester ikuyendabe mpaka lero, yakulanso, anawonjezera maphunziro a nkhumba ndi a bowa. Pamaliro amabwera tsopano, kwathu ndi kwa akazi ake komwe, ndipo adzukulu amamuseka kuti amagwira piki ngati akuopa kuidzutsa. Anamukhululukira, anthu a kwathu sasunga zinthu mpaka kalekale.

Koma m'mawa wotsatira maliro aja ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya amayi atakhala pa mtondo wogwetsa, manja atatupa osatha kupinda zala. Ndinatenthetsa madzi, ndinathira mchere, n'kumuikira beseni pamiyendo. Anaviika manja akuluma mano.

"Achemwali," anatero, "kodi amayi ankadziwa kuti anthu andikwiyira chonchi?"

Ndinaganiza zomunamiza, koma ndinali nditatopa.

"Ankadziwa kuposa ine. Maliro alionse, akagwada kupepesa namfedwa, ankadzuka n'kugwadanso kachiwiri, amvekere, 'Uku ndikugwadira Bester, watanganidwa.' Nkhuni ankapititsa mitolo iwiri. Anzawo akamabalalika, iwo ankagonanso tsiku lina pansi pomwepo, ati la iwe. Maliro a mu Ogasiti aja, miyendo itatupa kale, a Masautso anachita kuwakweza pa njinga n'kumaikankha. Pogwada kachiwiri analephera kudzuka, tinawadzutsa anthu awiri."

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa. Ankati ungasiye ntchito yako, pomwe unavutika kuipeza."

Anangokhala, manja ali m'beseni, mpaka madzi anazizira. Ndinamusiya choncho n'kupita kukatsuka mbale zimene tinabwereka kwa anthu, poti eni ake anali atayamba kuzifunsa.