Mitsuko ya azakhali a Glenys

Azakhali anga a Glenys Thurtle anagwira ntchito zaka zambiri pafakitale yoika nsawawa m'zitini kuno ku Norfolk. Fakitaleyo itatsekedwa anangokhala pakhomo, osadziwa chochita ndi manja awo. Chaka chomwecho mlongo wawo, bambo anga a Aubrey, akulima ndi thirakitala m'munda wa abwana awo, pulawo inafukula chinthu chakuda. Atatsika anapeza mtsuko woduka kukamwa, m'kati muli phulusa ndi timafupa topserera. Poyamba ankati aitane apolisi.

Amene anabwera ndi akatswiri ofukula zakale. Anati pansi pa mundawo panali manda a Asakisoni, anthu amene ankawotcha maliro awo n'kukwirira phulusa m'mitsuko, zaka pafupifupi chikwi ndi mazana asanu zapitazo. Anafukula mitsuko yambirimbiri, yochuluka ili mapale okhaokha.

Azakhali ankangopitako kukasiya tiyi ndi makeke. Tsiku lina mayi Philippa Larwood, osamalira zinthu kunyumba yosungiramo zakale ya m'tauni mwathu, anawapatsa beseni ndi kaburashi kuti athandize kutsuka mapale. Kufukula kutatha, azakhali anatsatira mapalewo mpaka kutauni, ndipo a Philippa anawaphunzitsa kulumikiza.

Ntchitoyo inali yofuna kuleza mtima. Ankayala mapale patebulo n'kumatsatira mizere ndi zidindo: timitanda, timagudumu, ndi malo otukuka amene woumba anakankha ndi chala kuchokera m'kati. Awiri akagwirizana, ankawamata ndi guluu wotheka kusungunulanso, n'kuwaimika mumchenga kuti aume. Mtsuko umodzi unkatha kudya nyengo yonse yachisanu. Mafupa a mwini wake, mikanda kapena chipeso, ankazisunga m'bokosi lokhala ndi nambala ya mtsukowo, chifukwa azakhali ankati munthu sasiyanitsidwa ndi nyumba yake. Akapeza pamene chala cha woumba chinadinda m'dongo, ankaitana aliyense amene anali pafupi kuti adzaone.

Bambo ankawaseka Lamulungu lililonse pachakudya.

"Chemwali, anzanu akukawombedwa mphepo kunyanja, inu muli pakalapakala ndi miphika ya akufa. Yakunyumba kwanu munatsuka?"

"Akufawo salongolola ngati inu, achimwene. Ndipatsireni mchere."

Koma mitsuko itaikidwa m'magalasi kuti anthu aziona, bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita. Anaima nthawi yaitali pa mtsuko wina waukulu wa mapale oposa zana, umene mlongo wawo anaudzutsa. Tinamva kwa anzawo kuti kumowa nkhani yawo inali yokhayo, mwezi wathunthu: manja a Glenys wathu.

Patapita zaka bambo anadwala mapapo, ndipo adokotala sanatibisire. Tsiku lina bambo anauza azakhali kuti akadzawawotcha, phulusa lawo tisadzaliike m'kabotolo kapulasitiki. Ankafuna mtsuko ngati wa anthu a m'munda muja, woumbidwa ndi mlongo wawo. Azakhali anakana, ati iwo amangomata, sanaumbepo n'kamodzi komwe. Bambo anati aphunzire msanga chifukwa iwo alibe nthawi yodikira.

Anaphunziradi. Dongo anakatapa mumtsinje wa kuseri kwa tchalitchi, n'kumaumba ndi manja, popanda makina. Mitsuko yoyamba inang'aluka pamoto. Wina unaphulika n'kuopsa galu wa aneba. Chidindo anachisema kunyanga ya gwape, kagudumu ka mano ngati tayala la thirakitala, n'kudinda kuzungulira khosi lonse. Umene unapulumuka unatuluka m'phulusa uli wakuda bii, wopendekeka pang'ono.

Anapita nawo kuchipatala ataukulunga m'thawulo. Bambo anautembenuzatembenuza, n'kusuzumira m'kati.

"Ndikwanamo m'menemu?"

"Mukwana. Matama okha ndi amene atsale kunja."

Bambo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anauza anamwino kuti mtsukowo ukhale pakatebulo ka pambali pa bedi, ndipo aliyense wobwera kudzawazonda ankayamba wauona kaye.

Bambo atamwalira, tinaika phulusa lawo mumtsukowo n'kuukwirira m'manda a tchalitchi chathu, pafupi ndi amayi. A Philippa anabwera pamaliro. Tisanautsitse m'manda, anaugwira ndi manja awiri monga amagwirira yakale ija, n'kunena kuti akanaulandira pashelefu yawo popanda manyazi. Azakhali anayankha kuti umenewu uli ndi mwini wake wodziwika, ndipo asadzayerekeze munthu kuufukula.

Pano azakhali akalamba, manja amanjenjemera, ndipo kumata anasiya. Koma Lachinayi ndimakawatulabe kunyumba yosungiramo zakale ija. Amakhala pampando pafupi ndi magalasi, ndodo ili pamwendo. Mlendo akati adutse mothamanga amamuitana kuti abwerere, ayang'anitsitse pakhosi pa mtsuko, awerenge zidindo. Ena amachokapo tiyi amene anabwera naye m'manja atazizira.