Dzina Lofiira la Mal-sun

Aphunzitsi a Raisa Yugai anafika ku holo yathu ya okalamba kuno ku Ansan, m'dziko la Koreya, manja akununkha kabichi. Sindikuwanyoza ayi. Anatha zaka zisanu ndi chimodzi akuthira mchere kabichi ku fakitale ya kimchi, ndiwo yathu ya kabichi wosasa, munthu woti kwawo ku Uzbekistan anaphunzitsa sukulu zaka zoposa makumi awiri. Agogo awo anali Akoreya ngati ife, anachita kuwakweza sitima n'kukawataya kutaliko. Mdzukulu atabwera kuno ndi masatifiketi ake, m'maofesi ankangowayang'ana n'kumubwezera.

M'kalasimo tinalimo nkhalamba khumi ndi ziwiri zosadziwa kulemba ngakhale dzina. Paubwana wathu achimwene ndiwo ankapita kusukulu, ife titabereka makanda. Mkulu wa holoyo, a Bang, ananeneratu poyera kuti aphunzitsiwo akuwayesa mwezi umodzi. Ukatha, pakasainidwa mayina asanu ndi atatu a anthu owafuna, ntchito ndi yawo. Akapanda kukwana, abwerere ku kabichi. Pepala losainapolo analitsekera m'kabati mu ofesi yawo.

Chikoreya cha a Raisa chinkandichititsa tsembwe. Mawu akalekale, oti ine ndinawamva komaliza pakamwa pa malemu agogo anga. Akatembenukira ku bolodi n'kumalankhula osaoneka nkhope, ndinkangoti m'chipindamo mwalowa munthu wina. Mnzanga Pyeon Mal-sun, wogulitsa nsomba zouma, wa zaka 83, analibe nazo manyazi.

"Aphunzitsi, mwati mwachokera kuti? Ku Uzbeki-chanichani kapena kumanda?"

"Kumanda kulibe kabichi, amayi. Gwirani bwino pensulo."

Tinafa nacho chiseko, ndipo kuyambira tsikulo awiriwo anagwirizana.

Lolemba la sabata yachitatu Mal-sun anatiposa tonse. Analemba yekha "Mal-sun", osaonera paliponse. A Raisa anaomba m'manja, misozi ili lengelenge. Anapisa m'chikwama, natulutsa cholembera chofiira, n'kulemba dzinalo pamwamba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu.

Geum-rye, yemwe amakhala kutsogolo, anagwetsa kapu ya tiyi.

"Fufutani!" ndinakuwa ine. Ndili ndi mtima wapachala, aliyense akudziwa. "Fufutani msanga, mwapenga?"

"Bwanji, a Bok-rye? Kwathu wophunzira wopambana timamulemba ndi zofiira. Ndi ulemu."

"Kuno zofiira timalembera akufa!"

Nkhope yawo inagwa. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta, koma cholemberacho sichinali cha pa bolodi, inki yake inali yosachoka. Anapukuta ndi madzi, anapukuta ndi mkono wa bulauzi, dzina lili pompo. Mwini dzina anangokhala phee, akuliyang'ana ngati munthu woyang'ana basi imene wakhala akuidikira.

"Lisiyeni," anatero. "Chibadwire sindinalionepo litakula chonchi."

Lachinayi m'mawa mwana wa Mal-sun anamupeza atatsamira khoma la kukhitchini, atazizira kale. Adokotala anati mtima. Ifenso tinkadziwa kuti anali wamkulu, koma zimenezo sizinatichotsere mantha. Ku maliro a Raisa anabwera atavala zakuda, anagwada kawiri pamaso pa chithunzi monga mwa mwambo, koma pa tebulo palibe anawasendera. Supu yawo anamwera pakona okha. Inenso sindinasende, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Sabata yomaliza m'kalasi tinabwera atatu. Bolodi anali atalitsuka ndi mankhwala, koma dzuwa la masana likalowa pa windo, dzinalo linkatuluka pang'onopang'ono, lotuwa, zilembo zonse zikuwerengeka. Mpando wa Mal-sun palibe anaukhudza. A Raisa anatiphunzitsa atatufe ngati tadzaza holo. Titaweruka ndinabwerera kukatenga ambulera yanga, n'kuwapeza akukwechabe bolodilo, zala zitasupuka.

"A Bok-rye," anatero osatembenuka, ndi mawu a agogo anga aja, "kodi ndamupha ndine?"

Ndinathawa. Koma funsolo linandidya, ndipo m'mawa mwake ndinayamba kugogoda pa makomo.

"Iwe Geum-rye, tsegula! Mankhwala ako a shuga ukuwerenga wekha masiku ano, anakuphunzitsa ndani? Amuna ako aja?"

"Achemwali, ine ndikuopa. Mawa alemba ine."

"Ukatero uyambe wakhoza. Iwe ndi mutu wakowo, uli ndi zaka zina khumi."

Ena ndinawanyengerera, ena ndinawatukwana. Ndinapeza asanu ndi mmodzi, ine wachisanu ndi chiwiri. Otsalawo anakanitsitsa, wina mpaka anandiwaza mchere pakhomo ngati ndachokera kosambitsa mtembo. Tinapereweza munthu mmodzi yekha.

Lachisanu masana tinalowa mu ofesi ya a Bang. A Raisa anali atalongedza kale mabuku awo m'katoni, ndipo anati Lolemba akafunsanso malo ku fakitale. Ine ndinati tisainebe, bola awone kuti tinalipo. A Bang anatsegula kabati ndi kiyi, natulutsa pepala lija, kenaka anangouma.

Pa mzere woyamba panali posaina kale. Pensulo, zilembo zonjenjemera, zodinda kwambiri mpaka kuboola pepala: Pyeon Mal-sun.

"Kiyi ndimayenda nayo ndine," anatero a Bang. Kenaka anayang'ananso pepalalo. "Mwina ndinaiwala kukiya tsiku lina. Mwina anabwera Lachiwiri ndili ku msonkhano."

A Raisa analandira pepalalo ndi manja awiri, nayika chala pa mawu oyambawo.

"Pyeon," anawerenga motsitsa mawu. "Dzina la makolo ili sindinamuphunzitse. Tinapangana kuti tiliyamba sabata ino."

Geum-rye anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. A Bang anatiwerenga, nawerenganso, n'kunena ndi mawu osasa kuti lamulo linati mayina asanu ndi atatu, silinanene zina. Anandipatsa cholembera chakuda. A Raisa anakhala pansi pa katoni yawo n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana.

Ndinasaina pansi pa mnzangayo, koma ndinasiya mzere umodzi pakati.