Mndandanda wa Mipopi wa a Jere

Christobel Mkandawire anabadwira kufupi ndi Manyamula, m'banja lolima fodya ndi chimanga. Ali wamng'ono anali wovuta kumutuma. Ukati akatunge madzi, ankachedwa pamjigo kufunsa akuluakulu kuti madziwo amakwera bwanji kuchokera pansi, mpaka amayi ake kumulondola ndi kamtengo. Masamu ndiwo anamupititsa ku koleji, ndipo atamaliza anapeza ntchito pa boma la Mzimba, ku kabungwe koona za madzi akumidzi. Chuma chake chonse chinali njinga ndi laputopu yakale yomata ndi selotepu.

Chaka chatha anamutuma kumudzi wina cha ku Edingeni, kumene madzi amachokera pa kasupe wa m'phiri n'kutsika m'paipi imodzi ya mipopi makumi atatu. Akumtunda madzi ankawasefukira, koma mpopi womaliza, wa mayi wamasiye Kezia Moyo ndi anzake, unali utauma kwa zaka ziwiri. Amayiwo ankayenda ola lathunthu kukatunga kudambo. Ntchito ya Christobel inali kupeza kukula kwa kachitsulo kochepetsa madzi koti aike pa mpopi uliwonse, kuti otsalawo azikafika kumapeto.

Masamu a ntchitoyi ndi okoma. Mphamvu ya madzi pa mpopi uliwonse imadalira mipopi iwiri yokha, wakumtunda ndi wakumunsi kwake. Choncho manambala onse ukawayala m'mizere papepala, pamadzaza maziro okhaokha, kupatula mizere itatu yopendekeka yodutsa pakati. Alipo mapulogalamu amene akatswiri anakonza kale: umangowapatsa mizere itatuyo, yankho n'kutuluka usanaphethire. Christobel ankawanyadira ngati anawalemba ndi amalume ake.

Kutalika kwa mapaipi anakupeza pa mapu akale. Maina a mipopi ndi chiwerengero cha otungapo anatenga kwa wapampando wa komiti ya madzi, a Zondwayo Jere, mphunzitsi wopuma wolemba mokongola kwambiri. Atalowetsa zonse, laputopu inayankha zamisala: akuti madzi azikwera phiri kubwerera ku kasupe. Masiku atatu anafufuza cholakwa chake osachipeza. Mtima unamuwawa, chifukwa anali atawalonjeza kale a Kezia pamaso pa anthu kuti madzi afika.

Tsiku lachinayi anasiya laputopu, n'kukayenda wapansi motsatira paipi, pepala lili m'manja, a Jere ali pambali. Pa mpopi woyamba kuchokera ku kasupe anafunsa ngati umenewo ndiwo nambala wani.

“Ayi mwana wanga, uwu ndi wa anyamata ongokwatira kumene,” anatero a Jere. “Nambala wani uli pakati pa mudzi, kwa akulu anga. Wachiwiri ndi wa kutchalitchi, wachitatu ndi wanga.”

“Adada, ndiye munalemba potsatira chiyani?”

“Ulemu. Ndikanayamba bwanji ndi ana, makolo awo alipo?”

Christobel anakhala pansi pa udzu n'kuseka mpaka misozi. Pulogalamu ija imaganiza kuti oyandikana papepala ndi oyandikananso pa paipi. Za ukulu ndi ubale sizidziwa. Atawafotokozera, a Jere anagwira pakamwa, kenako nawonso anayamba kuseka.

“Mbwenu makina ako ndi opanda mwambo chomene,” anatero. “Ine ndikhala wachingati?”

“Wa naintini, adada.”

Anadandaula pang'ono, koma analemba okha mndandanda watsopano, mokongola ngati woyamba. Yankho linatuluka nthawi yomweyo, lomveka bwino.

Loweruka lotsatira amuna a komiti anaika tizitsulo tija, kuyambira kumtunda kutsika. Masana gulu lonse linafika pa mpopi womaliza, n'kupeza a Kezia atamangirirapo mbuzi, poti mpopiwo unalibe ntchito ina. Anaimasula mwamanyazi, n'kupotokola mpopiwo. Unatulutsa mpweya, unakhosomola dzimbiri, kenako madzi oyera anayamba kutuluka mwamphamvu. Amayi a m'mudzimo anaimba nthungululu, ndipo Christobel anamva chimwemwe chimene sanachimvepo ngakhale tsiku lolandira satifiketi.

Ndowa panalibe, chifukwa palibe anakhulupirira mokwanira kuti n'kubwera nayo. A Jere anatambasula dzanja kuti atseke, madzi asawonongeke, koma a Kezia anawagwira mkono.

“Ndapota, adada, musatseke msanga,” anatero. “Ndiwaone kaye.”